Zimene Ndinapeza M'mimba mwa Tonde

Tsiku la msika pa Khombedza
ndinang'amba tonde wa Che Twaibu.
Mpeni unayenda bwinobwino,
kenaka unakana,
ngati wakumana ndi chingwe.

M'chifu munalibe msipu.
Munali majumbo a buluu, asanu ndi anayi,
opotana ngati nkhata ya wotunga madzi.
Ndinawatulutsa limodzilimodzi,
ntchentche zokha zikuchitira umboni.
Lachisanu ndi chiwiri ndinalizindikira:
mfundo yake inali yanga,
ija ndimamanga kawiri n'kukoka ndi mano
kuti magazi asadonthere pa chitenje cha kasitomala.

Zaka khumi ndi zitatu ndili pa benchi ili.
Ndani wawerenga mfundo zanga?

M'mawa mwake ndinasadza masamba a nthochi kuseri kwa bafa,
n'kuwawamba pamoto kuti afewe.
Msika unandiseka mpaka kwa ogulitsa kaunjika.
"Nyama ya masauzande asanu
mukuikulunga ngati mkate wa pamaliro?"
Ena anapita kwa Gelesomu, wa majumbo aulere.
Ndinawaona akupita. Mtima unawawa, ndisaname.

Koma Loweruka linalo Nachisale wa ku telala
anabwera ndi bakuli lake lachivundikiro chosweka,
n'kuliika pa sikelo osanena kanthu.
Ndinamuwonjezera kachiwindi ka basela.
Nkhani ya basela imathamanga kuposa kabaza:
pano mabakuli amafola.

Chiwaya changa nacho chinali chilombo,
chinkadya nkhuni kuposa mmene ana anga amadyera ndalama.
Mitolo inkachokera kumapiri a Thuma
pa njinga zolira ngati zikudandaula,
ndipo chaka ndi chaka wonyamula ankafika mochedwerapo,
akuti mitengo ikusamukira kutali.
Tsopano ndimakoleza zitsononkho
ndi timabulunga ta mankhusu a mpunga
tomwe Lekeleni amaumba kuseri kwa chigayo.
Timavuta kuyaka, timafuna kunyengerera ngati apongozi,
koma tikagwira, tagwira.

Kunyumba Abiti Jafali anandiyang'ana cham'mbali.
"Mwadzuka lero?
Ine mbaula yadothi ndinayamba nayo mvula ya dzana,
timitengo titatu ta nandolo, nyemba zapsa.
Simunafunse n'komwe chifukwa chake
thumba la makala linasiya kukupemphani ndalama."
Iye sanena za dziko, sanena za nyengo.
Amanena za chifuwa chake chomwe chinasiya kulira usiku.

Padenga pathu pamagona zinthu ziwiri masana:
lichero la mfutso wa khwanya
ndi kagalasi ka sola, kakang'ono ngati buku la ngongole.
Zonse zikudya dzuwa limodzi,
dzuwa la Salima lomwe tinkangolitukwana.
Usiku Asiyatu amawerenga mpaka maso kufiira,
ndipo mng'ono wake sapezanso mabatire akufa oti aziluma pabwalo.

Sindine woyera.
Dzulo bambo wina, minibasi ikumuimbira hutala,
anakuwa kuti alibe nthawi ya masamba,
ndipo dzanja langa linapita lokha pansi pa benchi
pomwe ndinabisa otsala aja.
Ndinamanga kawiri. Ndinakoka ndi mano.
Mwera ukawomba, mitengo ya minga ya kuseri kwa msika
imachitabe maluwa a buluu,
ndipo ena mwa maluwawo ndi anga.

Lero m'bandakucha ndang'amba mbuzi ina,
ya mayi wa ku Chitala amene amazimangirira m'dimba.
Ndinaima kaye, mpeni m'manja,
ngati munthu wotsegula kalata ya kuchipatala.

Msipu.
Wobiriwira, wofunda, wonunkha
mpaka galu wa Gelesomu anabwerera m'mbuyo.

Ine ndinaweramira pomwepo,
n'kukoka mpweya wonsewo.