Kalembera wa Ziweto ku Tariat

Inki imauma mu Disembala,
n'chifukwa chake ndimalemba ndi pensulo.
Ndaimika njinga yamoto kuseri kwa khola la a Gombosuren,
galu wandiuwa mpaka watopa yekha,
ndipo mayi Tsendmaa andipatsa tiyi wamkaka wothira mchere
ndisanatulutse n'komwe fomu m'chikwama.

Fomuyo ili ndi mabokosi asanu:
hatchi, ngamila, ng'ombe, nkhosa, mbuzi.
Awa ndi maina chabe, ankatero mphunzitsi wathu ku Ulaanbaatar,
sungawaike pamzere wa wamkulu ndi wamng'ono;
papepala ngamila siposa mbuzi
ngakhale italike khosi chotani.
A Gombosuren aseka chikhakhali:
Pepala lakolo silinakwerepo ngamila.

Nkhosa tikuwerengera pachipata, imodziimodzi,
mdzukulu wawo akuzikankha ndi bondo.
Makumi asanu ndi limodzi, kwatha.
Apa palibe theka,
nkhosa imakhalapo kapena palibe.
Koma tikaikweza pasikelo yolendewera pamtanda
singano imanjenjemera pakati pa 38 ndi 39,
ndipo kampata kameneko, ukakayang'anitsitsa,
n'kotakasuka kuposa chigwa chonsechi:
ungakagawe, n'kukagawanso, mpaka dzuwa kulowa.

Funso lotsatira: ziweto zili bwanji?
Zowonda, zapakatikati, zonenepa.
Chongani chimodzi.
Makwerero alipo, inde,
koma ndani anayeza kutalikirana kwa mapondedwe ake?
Kukwera kuchoka pa kuwonda
kumadya udzu wa miyezi itatu.
Kutsika ndi usiku umodzi wa mphepo.

Kachipangizo kapakhomo kakuti madigiri 31 pansi pa ziro.
Ziro wa kachipangizoka si kusowa kanthu ayi;
tsiku limene kadzafike pa ziro
ana adzavula zipewa n'kumathamanga panja.
Ziro weniweni ndi amene ndinalemba dzulo
kwa mayi Dulamjav, m'bokosi la mahatchi.
Chingwe chili pamsomali.
Chishalo anachilowetsa kunsi kwa bedi
kuti asamachione.

Madzulo kuofesi, mbaula ikulira,
ndandandalika nkhosa za mabanja asanu a m'chigwa:
40, 55, 60, 70,
ndi 1,200 za bambo uja wa magalimoto awiri.
Ndaphatikiza, ndagawa kasanu.
Avareji ikuti banja lililonse lili ndi nkhosa 285.
Sikunama, masamu ake ndi olondola,
koma kauzeni mayi Dulamjav zimenezo
muone ngati angakupatseninso tiyi.
Choncho ndaloza chala pa nambala yapakati,
iwiri kumanzere, iwiri kumanja,
ndipo chagwera pa 60,
pakhola la a Gombosuren,
pomwe pakununkha ndowe zenizeni.
Ndalemba zonse ziwiri.
Wowerenga kulikulu asankhe yomwe angagone nayo tulo.

Banja lachisanu ndi chimodzi sindinalipeze.
Ndinangopeza bwalo lakuda pachipale chofewa
pomwe panali hema wawo,
phulusa, ndi mapazi a ngolo olowera kumpoto.
Bokosi lawo ndalisiya loyera.
Mnzanga Erdenechuluun akuti ndingoikamo ziro tiweruke.
Ndakana.
Kusadziwa ndi kwina, kusakhala nazo ndi kwina;
kwinakwake kuseri kwa phiri
mbuzi zawo zikukumba udzu ndi ziboda
osadziwa kuti boma likuzisowa.

Chinthu chimodzi chokha chikundisowetsa tulo.
Potsanzikana, a Gombosuren anandikokera kukhola
n'kundionetsa hatchi yaikazi yokalamba, mano atatha,
kansalu kobiriwira ngati thambo kali m'khosi.
Iyi sitikwera, sitigulitsa, sitidzaipha.
Inabweza mwana wanga kunyumba mphepo itatseka njira.
Tsono uilemba pati?

Ndinayang'ana mabokosi anga asanu,
ndinayang'ana hatchiyo, nthunzi ikutuluka m'mphuno,
ndinanyambita nsonga ya pensulo,
n'kuwonjezera imodzi.