Wojambula Makoma

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndakhala ndikujambula zimene maso salabadira:
mawaya amagetsi olendewera pamwamba pa Amagasaki,
chimbudzi cha pasiteshoni, dzimbiri la panjanji,
ndi mvula, mizere zikwizikwi ya mvula,
uliwonse ndi rula, uliwonse wopendekera kumanzere.

Nkhope zinali za a Kurahashi.
Iwo ankakhala pawindo, ndudu pakamwa,
ine kukhoma, pansi pa wotchi yothamanga ndi mphindi zisanu.
Akajambula munthu ankandipatsira pepala osacheuka:
"Tokuji, mpatse pokhala."
Ndiye ndinkammangira kachipinda ka mphasa zinayi ndi theka,
ketulo yakuda kunsi, kalata ya ngongole pansi pa chitseko,
sokosi imodzi itaumira pachingwe.

M'mabuku athu munalibe wouluka,
munalibe wa maso aakulu ngati mbale.
Munali woyendetsa takisi amene mkazi wake anachoka Lachiwiri,
namwino wakuba mankhwala a tulo,
mkulu wa pakampani woswera kupaki atamanga tayi
poopa kuuza ana kuti ntchito inatha mu Epulo.
Womwalira ankamwaliradi.
Tsamba lotsatira silinkamudzutsa.

Lachinayi lililonse magazini inkatuluka,
yonenepa ngati njerwa, pepala lotuwa, lodetsa zala.
Ndinkakwera sitima yomaliza yochokera ku Umeda
kungoti ndione amuna otopa akuwerenga
kuchokera kumanja kupita kumanzere,
chala chikulumpha makoma anga
kuthamangira pakamwa pa munthu.
Sabata yanga yathunthu, masekondi atatu.
Kenako ponyu pashelefu ya katundu, n'kutsika.
Sindinkadandaula. Khoma labwino silikuwa.

Chaka chatha, nyengo ya chinyezi,
dzanja lamanja la a Kurahashi linagona osadzukanso.
Kunatsala tsamba limodzi kuti nkhani ithe:
mayi ali yekha kochapira zovala, pakati pa usiku,
akuyang'ana makina akuzunguza malaya a mwamuna
amene phulusa lake lili kale kukachisi.
Mkonzi, kamnyamata kotchedwa Nagamine,
kanaima pakhomo ndi ambulera yodontha.
A Kurahashi anakankha cholembera ndi chigongono,
pakamwa patapotoka:
"Mpatse nkhope."

Ndinachezera mpaka akhwangwala
atayamba kung'amba matumba a zinyalala.
Makina ndinamaliza, matailosi, nyali yophethira,
kandalama ka mayeni zana kogwera pansi pa benchi.
Pakati panatsala dzira loyera mbee.
Dzanja lodziwa njerwa iliyonse ya mzinda uno
linanjenjemera pa chikope chimodzi.

Ndinaika misozi, inatuluka nkhope ya sewero. Ndinafufuta.
Ndinaika makwinya. Ndinafufutanso.

Kenako ndinakumbuka Sumie, mkazi wanga,
tsiku lija tinabwera kuchokera kuchipatala manja ali lende.
Sanalire. Anasenda nachesi,
n'kumachotsa timitsitsi toyera kamodzikamodzi,
osadya,
mlomo wam'munsi utalowa pang'ono m'kati.
Zaka zonsezi chimene ndinkati ndikukumbuka
chinali maluwa a pakatani kumbuyo kwake.

Mizere isanu ndi iwiri basi. Inki inauma.

Lachinayi, musitima, bambo wina wa imvi m'makutu
anafika patsambalo, chala chinaima.
Tinawoloka mtsinje wa Yodo, mlatho ukulira pansi pathu,
sanatembenuze.
Siteshoni ina, inanso.
Anapinda ngodya ya tsambalo,
magazini n'kuilowetsa m'chikwama.

Kunyumba ndinaisiya patebulo, yotsekula.
Sumie anavala magalasi, anawerama,
anayang'ana mpaka nthunzi ya mpunga itazilala.
"Makina ochapirawa wawakhoza," anatero,
n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Ndinakhala chete, zala zakuda pamaondo,
ndikumva mpopi ukuthira, ukuthirabe,
ketulo itadzaza kalekale.