Dilowa Yomwe Inkakana Kutseguka

M'chipinda chapansi cha nyumba yosungira zakale ku Newtown,
momwe mathiraki apamsewu amanjenjemeretsa magalasi,
ndimapukuta miyala imene sinandipemphe kuipukuta.
Ntchito yanga ndi fumbi ndi manambala.

Lachiwiri, dilowa yomwe inkakana inagonja.
Munali makalata omangidwa ndi kachingwe kofumbwa,
inki yake itafiira ngati dothi la katondo.

Halloran, mwini kanyundo ndi chifuwa chosatha,
akulembera Kessenich wa ku Freiberg, chaka cha 1893:
"Ndakutumizira bokosi la miyala ya ku Langlaagte,
ndaikulunga m'nyuzipepala ndi udzu wouma.
Undibwezere agulugufe a m'nkhalango zakwanu,
komanso galasi lokulitsira zinthu, langa bulu analiponda."

Yankho linayenda panyanja masabata asanu ndi awiri.
"Timiyala tako tozungulirati tinasalala ndi madzi.
Mzinda wanu wa matenti ndi malata
wakhala pamwamba pa mtsinje womwe unafa kalekale,
ndipo golide anabwera ndi mtsinjewo."
"Iyayi," akutero Halloran, "golide anakwera pambuyo pake,
ndi madzi owira ochokera m'mimba mwa dziko."

Anakangana zaka zisanu,
mwaulemu, aliyense akufunsa za umoyo wa mkazi wa mnzake.
Mabokosi ankapita, mabokosi ankabwera:
chigaza cha nyani, mbewu zouma, nkhono ziwiri zosweka.

Kenaka m'mphepete mwa tsamba lina, ndi pensulo:
"Kathumba, wa ku Nyasa, wondinyamulira thumba,
wanyowetsa thanthwe ndi malovu n'kuseka.
Akuti timiyala tonse tapendamira mbali imodzi
monga tichitira mu Linthipe madzi akaphwera,
ngati amayi owerama pobwera ndi nkhuni mphepo ikuwomba.
Akuti madzi ake ankachokera uko, kumpoto.
Sindinamufunse."

Linthipe!
Ndinakhala pansi pa simenti yozizira.
Ndinachapamo yunifolomu ya sukulu mumtsinje umenewo,
ndipo ndikudziwa kupendama kumene ankanenako,
mapazi anga amakudziwa.

Kessenich analemba msanga ulendo uno:
"Kathumba ameneyu ndani? Mufunse zambiri.
Mufunse ngati akuluakulu amagona pansi, ang'onoang'ono pamwamba.
Muyeze kupendamako ndi kampasi, iye akuloza."

Kalata yotsatira ndi yaifupi.
Mtengo wa makandulo wakwera. Agulugufe afika atathothoka mapiko.
Kathumba watenga malipiro ake ndi bulangete, wapita;
ena akuti ku mgodi wina, ena akuti wayamba wapansi kubwerera kwawo.
Za kampasi palibe.

M'buku lochindikala limene linatuluka pambuyo pake
muli mayina awiri pachikuto, ndi chithunzi cha timiyala topendama.
Ndalifufuza mpaka kumapeto. Mulibe.

Koma mwala nambala 212 uli pano m'dzanja langa,
wolemera ngati papaya wamng'ono,
ndipo pakapepala kake, pambali pa zilembo zokhotakhota za Halloran,
pali chidindo cha chala chachikulu, cha inki, changozi chabe.
Mwina n'cha Halloran yemweyo. Sindinganame.

Ndinayang'ana kukhomo, bwana anali pa foni.
Ndinanyowetsa mwalawo ndi malovu.
Timiyala tinawala, tonse titawerama,
tikulozabe komwe madzi ankachokera.