Pondani, Gwirani, Siyani

Kanyali kachikasu kanayaka titangodutsa Colchani,
pomwe msewu umathera, mchere n'kuyambira.
Kachithunzi ka galimoto yoterereka,
timizere tiwiri tokhota kumbuyo kwake,
chonsecho ife tikuyenda bwinobwino.
Kenako gudumu lakumbuyo, lakumanzere,
linayamba kugwidwa pakhosi:
gu-gu-gu, buleki kuluma yokha
phazi langa lili kutali.

Ndinazimitsa injini, ndinailizanso.
Ndinazula fyuzi, ndinaiuzira, ndinaibwezera,
monga achitira munthu wosadziwa
amene safuna kuti alendo ake adziwe kuti sadziwa.
Alendowo anali kujambula phiri la Tunupa.
Ndinawabweza ku Uyuni pa giya yachiwiri,
chopondera chikumira kunsi kwa nsapato
ngati ndaponda buledi.

Mu Uyuni amakanika ndi ambiri.
Womva magalimoto a kompyuta ndi mmodzi,
ndipo ndi Wilber, mwana wanga,
amene ndinamupirikitsa pakhomo mu Malichi
chifukwa Don Cirilo anandinong'oneza pomwetsa mafuta
kuti dizilo wanga amathera m'zigubu za mnyamatayo.
Sindinafunse kawiri.

Sanandipatse moni. Anapatsa galimoto,
kuisisita pabonati.
Analumikiza kabokosi kake kunsi kwa chiwongolero,
anawerenga manambala, tsaya litatupa ndi masamba a koka,
anatchera jeke, anachotsa tayala,
n'kulowa chagada, kunja kutatsala miyendo yokha
ndi nsapato zija ndinamugulira ine.

Anatuluka ndi kachipangizo kochepa ngati chala cha nkombaphala,
katamatidwa mchere, kali mbuu,
waya wake atadyeka, tiubweya ta mkuwa tili pamtunda.
Anayankhula akuyang'ana iko, osati ine:
"Aka ndi kamene kamawerenga liwiro la gudumu.
Kakachita khungu kamanama.
Kompyuta siona msewu, imangomva zouzidwa.
Ikauzidwa kuti gudumu likuthawa, imalifinya.
Gudumulo lilibe mlandu."
Anakatsuka ndi mswachi wothothoka,
analuka waya, anakulunga tepi katatu.
Ine ndinayang'ana galu amene anagona pathumba la simenti.

"Kumira kwa chopondera ndi nkhani ina.
Buleki yaluma mpaka mafuta awira,
mpweya wadzaza m'mapaipi.
Kuuchotsa kumafuna anthu awiri.
Kwerani."

Ndinakwera.
Iye pansi, sipanala m'manja,
kapaipi katalowa m'botolo la chakumwa.
"Pondani."
Ndinaponda kasanu.
"Gwirani."
Ndinagwira, bondo likunjenjemera.
"Siyani."
Miyezi isanu ndi umodzi ya pakamwa potseka,
lero mawu atatu okha, obwerezabwereza,
gudumu ndi gudumu, kuyambira lakutali.
Mphepo yozizira inali kukutumula malata,
dzuwa likugwera kuseri kwa masitima akale a dzimbiri.
"Thovu likadalipo. Pondaninso."
Sindinadziwe kuti galimoto ingasunge mpweya wochuluka chotero
pamalo opapatiza chotero.

Pa gudumu lachinayi chopondera chinalimba,
chinandikankha phazi ngati chamoyo.
Ndinaliza injini.
Kanyali kanayaka, kanaganiza, kanazima.

Anatchula mtengo wonse,
osachotsapo ngakhale boliviano imodzi,
ndipo ndinalipira.
"Mukachoka kumchere muzitsuka kunsi ndi madzi.
Tsiku lililonse. Mchere sudikira."

Ndinafuna kumuuza za thanki,
za kang'alu kamene ndinakapeza mu Meyi,
dizilo akudontha usiku wonse m'fumbi la pabwalo
popanda chigubu, popanda dzanja la munthu.
Lilime linamira ngati chopondera chija.
Ndinangoti, amayi ako aphika supu ya mtedza Lamulungu.

Anapukuta manja, chala ndi chala,
nsalu yakuda kuposa manjawo.
"Mubwere nayo Lachinayi," anatero,
"ndidzaone ngati tepi yagwira."