Khoma Lomwe Linapita ndi Madzi

Tinalembera pa bondo,
pa tsamba long'amba m'kope la mwana wa sukulu:
"Ine Lufeyo Kadzamira ndipenta nyumba
ya Mai Nangondo ku Mtandire,
kunja ndi m'kati, Febuluwale asanathe."
Mboni anali wamakala wa pamphambano.
Chala chake chinasiya mwaye m'munsi mwa mayina athu.

Theka la ndalama ndinalandira.
Ndinagula zitini zinayi ku Malangalanga,
m'minibasi n'kuzifungata ngati ana odwala.
Lachinayi ndinamaliza chipinda chimodzi,
chobiriwira, monga ankafunira.

Loweruka usiku Lingadzi anabwera osaodira.

Kutacha ndinapeza masitepe atatu
okwera kupita kopanda kanthu,
ndi chidutswa cha khoma chili chagada m'matope,
penti yanga idakali yowala.

Tulo tinandithawa.
Ngongole ya ndalama ndimaidziwa,
koma ya ntchito yopanda pogwira
imabwezedwa bwanji?

Ku Area 3, pafupi ndi khoti,
mtsikana wodziwa malamulo anawongola pepalalo ndi chikhato.
Anati, "Bambo, pangano lili ndi makomo otulukira.
Mukagwira ntchito yonse, mwatuluka.
Mukamvana nonse kuti basi, mwatuluka.
Wina akaliphwanya, mnzake amamasuka,
wophwanyayo n'kutsala ndi mlandu.
Koma apa waphwanya ndani?
Mvula sibwera kukhoti.
Chomwe munapanganirana kulibenso,
ndipo lamulo silituma munthu kukapenta mphepo."

Nanga ndalama zija?
"Kambiranani. Zikakanika,
woweruza adzawerenga chomwe munagwira
ndi chomwe chatsala m'manja mwanu."

Chotsala m'manja mwanga ndinachikweza pa kabaza:
zitini zitatu zosatsegula.
Mai Nangondo ndinawapeza m'kalasi momwe ankagona,
akuyanika ziphaso pa desiki.
Anayang'ana zitinizo nthawi yaitali,
kenaka anaseka, kuseka kwa munthu wotopa.
"Ndiziika pati, a Kadzamira?
Pepala langa linapita limodzi ndi mbale.
Lanulo ng'ambani, sitikongozana.
Pentiyo sungani kwanu.
Ndikadzapeza malo kumtunda ndidzakuitanani,
koma tsiku musalembe."

Ndinang'amba pakati, iwo akuona.
Silinalire n'komwe; linali litafewa ndi thukuta la m'thumba.

Tsopano ndine mfulu, atero malamulo.
Koma pansi pa bedi langa ku Chinsapo
pali zitini zitatu,
ndipo mwezi uliwonse ndimazigwedeza
kuti penti isagone.