Kathumba ka ku Kamwendo

Khasu langa lafukulanso jumbo
ya shuga amene tinamwa pa maliro a bambo.
Bambowo anasanduka dothi kalekale,
koma iyo ikadali ngati yadzulo,
mtengo wake ukuwerengeka.

Tsiku la msika Nasiwelo anabwera ku gulu
ndi timatumba tambuu, tonyezimira pang'ono,
akuti ndi chinangwa chimenechi.
Tinaseka. Chinangwa chovala zilembo!
Tinalongedzamo mtedza wokazinga,
dzina la gulu lili pamimba.

Kamodzi ndinakakwirira kuseri kwa khola
kuti ndimugwire bodza.
Mvula itagwa masabata angapo ndinakafukula:
chiswe chinali chitadya kale dzina lathu,
nyongolotsi zikumalizitsa nambala ya foni.

Pamalopo ndabzalapo dzungu.
Jumbo ya bambo ndaikoleka pamtengo,
sindikudziwa koitaya.