Masamu a Usiku ku Winnipeg

Chipale chofewa chakwirira windo mpaka theka.
Ndakankhira mbale kumbali,
ndayala makalata awiri patebulo,
pensulo ya Oksana ili kukhutu.

Yoyamba ndi ya khadi lobiriwira.
Ndilo linagula ng'anjo yotenthetsera nyumba
yakale itatsamwa mu Januwale,
linalipiranso dzino la mwana ndi matayala anayi.
Madola zikwi zitatu ndi mazana anayi.
Amati ng'anjoyo ndi yanga,
koma ikamang'ung'udza pakati pa usiku
ndimamva ngati ikuwerengera eni ake ndalama.

Mwezi ndi mwezi ndimaponya madola 70
n'kugona tulo ta munthu wolungama.
Lero ndawalondola mapazi.
Okwana 57 amathera pachipata,
chiwongoladzanja chawameza osatafuna.
Khumi ndi atatu okha ndiwo amafika,
otopa, opanda nsapato.

Yachiwiri yabwera yosaitanidwa,
pepala losalala, londitchula dzina ngati mnzanga wa kusukulu:
Bambo Hrycak, samutsirani ngongole yanu kuno,
miyezi khumi osakuluma.
Ndavala magalasi.
Pansi penipeni, m'zilembo zonga mazira a nsabwe,
akuti chosamutsira ndi madola 102,
ndipo mwezi wa khumi ndi chimodzi ukakwana
galu amamasulidwa, wamkulu kuposa woyamba uja.
Ukachedwa tsiku limodzi, amammasula lomwelo.

Ndiye funso si lakuti wachifundo ndani.
Palibe.
Funso n'lakuti miyezi khumi ndiithamanga bwanji
ndi bondo ili.

Madola 350 pamwezi.
Ndafufuta, ndalembanso, sakusintha.
Ndachotsa khofi wa pasiteshoni ya basi.
Ndachotsa matchanelo a hoke,
mtima wachita ngati ndachotsa m'bale.
Loweruka ziwiri pamwezi kugalaja kwa Desrosiers,
kugona chagada pansi pa malole ozizira.
Zakwana 310.
Makumi anayi akusowa,
ndipo ndayang'ana khitchini yonse
ngati angatuluke kuseri kwa ketulo.

Oksana watsika kudzamwa madzi, maso ali theka.
Wasuzumira pepala, wati,
Ababa, apa mwaiwala kunyamula imodzi.
Zoona. Akusowa ndi makumi atatu.
Taseka motsitsa kuopa kudzutsa amake.

Ndasaina yachiwiri ija,
osati mwachikondi.
Pakalendala ndazunguliza Novembala kawiri,
pensulo mpaka kuboola.

Khadi lobiriwira ndaliika m'kapu ya madzi.
Anzathu amaika mufiriji,
kuno khonde limakwanira.
Ndatsegula chitseko, mphepo yandimenya mbama,
ndakhazika kapu pasitepe.
Pofika m'mawa lidzakhala m'kati mwa mwala,
manambala ake akuonekabe,
likundiyang'ana ndikamapita ku ntchito.

Ng'anjo yayambanso kung'ung'udza.
Ndazimitsa nyale,
ndatsitsako kutentha madigiri awiri.